Kabichi Wamakwinya wa Nagama

Kalekale, kumapiri a ku Dedza kumene chisanu chimang'amba zidendene, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nagama. Mwamuna wake pomwalira sanamusiyire ng'ombe kapena nyumba yamalata. Anamusiyira kadimba kuseri kwa nyumba, ndi mbewu ya kabichi wamakwinya, uja wa masamba okhwinyata ngati chipumi cha nkhalamba. M'dera lonselo munalibenso wina amene anali naye.

Mbewuyo inali ndi kasungidwe kake. Chaka chilichonse ankasiya mutu umodzi osadula, n'kuutema pamwamba mopingasa ndi mpeni kuti phesi la maluwa litulukire, kenako n'kudzakolola njere. Ntchitoyi ankaigwira awiriwiri ndi mwamuna wake, ndipo atatsala yekha Nagama sankafuna munthu m'dimbamo. Mwana akangosuzumira ankamva kuti, "Choka apo! Muno ndi mwathu ndi abambo ako."

Chaka china njere zinafumbwa, zinamera khumi ndi ziwiri zokha. Nagama anawokera mbandezo bwinobwino, koma sabata isanathe anaterereka kumtsinje n'kuthyoka m'chiuno. Anagona pamphasa miyezi, chakudya chikumukana, mtima uli kudimba.

Woyamba kulowamo anali Dausi, mwana wake wamwamuna. "Amayi akadzadzuka apeze mitu ngati mitsuko," anatero. Anakapala zitosi za nkhuku zaziwisi, zosawolerana n'komwe, n'kuziunjika patsinde. Mwayi wake zinamuthera pakati pa mzere. Patapita masiku atatu, mbande zisanu ndi imodzi zinali zitapserera.

Wachiwiri anali Fainesi, mkazi wa Dausi, mtengwa wochokera kuchigwa kotentha, amene kabichi ankangodziwa wosalala wa pamsika. Ataona masamba opindikapindika anagwira pakamwa. "Mayo ine, matenda awa! Apongozi akadzaona adzasweka mtima." Anazula zisanu n'kuziwotcha kuti nthenda isafalikire, ndipo anatuluka akudziyamikira. Imodzi anaiphonya chifukwa inabisala kuseri kwa mtengo wa pichesi.

Nagama ankafunsa m'mawa uliwonse, "Kabichi ali bwanji?"

"Ali bwino, Amayi," onse ankayankha chomwecho, maso ali pansi.

Wachitatu anali Malita, mwana wake wamkazi. Iyeyu anathirira yotsalayo tsiku ndi tsiku, akuchotsa mbozi ndi manja, mpaka inamanga mutu wolimba gwa. Koma m'nyumba mayi ake anali atangotsala mafupa okhaokha. Phala akangolawa ankalavula. Malita sanafunse munthu. Anadula mutuwo, chitsa n'kuzulira mbuzi, ndipo anaphika wotendera.

Fungo linafika pamphasa mbale isanafike. Nagama anadzuka yekha kukhala tsonga, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Anadya, anadyanso, mpaka ananyambita chala. Atatha m'pamene anafunsa.

"Atsala angati?"

Malita anayamba kutolera mbale.

"Malita, ndikufunsa iwe. Atsala angati?"

"Unali womaliza, Amayi."

Kuyambira tsiku limenelo chilakolako cha chakudya chinabwerera, ndipo Nagama anachira. Koma kuchira kwake kunali kowawa. Atayamba kuyenda ndi ndodo anapita kudimba, n'kupeza mabedi ali mbee, phulusa pakona, ndi kadzenje kuseri kwa pichesi. Anakhala pansi n'kulira momwe analirira tsiku la maliro.

"Mwandiikira mwamuna wanga m'manda kachiwiri," anatero.

"Ine ndinkafuna akule, Amayi," anayankha Dausi.

"Ine ndinkafuna asafe onse," anatero Fainesi, akusisima.

Malita yekha anawayang'ana m'maso. "Ine ndinkafuna musafe inuyo. Nanga zoti womaliza sadulidwa, munatiuza liti?"

Nagama anatola ndodo yake n'kudzuka. Anayenda midzi yonse ya m'mapiri amenewo kufunafuna njere, osapeza ndi imodzi yomwe. Dimbalo linamera chisoso mpaka tsiku la imfa yake.

Tsono inu amene mwamva, ndiuzeni. Anapha mbewuyi ndani: Dausi amene anaipsereza, Fainesi amene anaizula, Malita amene anaiphika kuti mayi ake akhale ndi moyo, kapena Nagama mwiniwake, amene anaikonda zaka zonsezo koma osalola mwana aliyense kulowa m'dimba?