Galu Woyamwa Nkhosa pa Mpita wa Chikwezo

Makolo a anthu amene lero akukhala kuseri kwa phiri la Chikwezo adachokera kutali kumwera, kudziko la zigwa kumene mvula idakana kugwa zaka zitatu zotsatana. Nkhokwe zitatha, iwo adanyamuka ndi chuma chokhacho chimene chikanatha kudziyendera ndi miyendo yake, ndicho nkhosa za michira yonenepa. Akuluakulu amasimba kuti mayi wa mbumbayo adali Malilima, amene adabereka Gwedemula ndi mlongo wake Sungeni. Sungeni adakwatiwa ndi mbusa wina dzina lake Katsache, nabereka mwana mmodzi wamkazi, Mwatitha.

Anthu amenewa adali ndi mtundu wawowawo wa agalu: aang'ono, ofiirira, a makutu oima ndi mchira wopindika. Mwana wa galu asanapenye, abusa ankamuchotsa kwa make, namugoneka m'khola ndi kumuyamwitsa kwa mkota wa nkhosa, kuti akamadzatsekula maso aone nkhosa ndi kudziwa kuti abale ake ndi amenewo. Galu woleredwa motero sankasaka nyama ndipo sankaluma nkhosa. Ankayenda pakati pa gulu, nkhosa zikumutsata monga mnzawo.

Ulendo udali wautali. Agaluwo adatha mmodzimmodzi, ena ndi afisi, ena ndi matenda, ndipo Katsache nayenso adamwalira ndi malungo anthu ali m'njira. Adatsala galu mmodzi yekha wamkazi, Tiyenazo, amene adali ndi bere, ndipo amene adamusunga adali Mwatitha, mtsikana wosalankhulalankhula amene adaphunzira mluzu wa abusa poyenda pambuyo pa atate ake. Nthawi yomweyo Gwedemula, amene adaweta nkhosa kufikira imvi, adapeza agalu awiri akuluakulu kwa alenje a m'chigwa china, nawaphunzitsa kukusa nkhosa kuchokera kumbuyo ndi kuuwa. Agalu amenewa ankagwiranso agwape, choncho anthu anjala adawakonda.

Atafika m'tsinde mwa Chikwezo adapeza kuti njira yopita kuseri idali imodzi yokha, mpita wa pathanthwe wopapatiza ngati mkeka, kudzanja lamanja khoma la mwala, kumanzere phompho. Mapira adali atatsala pang'ono, ndipo amayi adadandaula kuti phala la ana likuthera agalu. Akuluakulu adagamula kuti kuseri kwa phiri kupite mtundu umodzi wokha wa agalu. Agalu a Gwedemula akalephera, adzabwezedwa kwa alenje, amene ankawafunabe. Koma akalephera Tiyenazo, amene mlenje aliyense sakanamulandira, adzamangidwa pamtengo ndi kusiyidwa tsidya lino.

Pofuna kudziwa mtundu woyenera, nkhosa adazigawa pawiri, makumi awiri mbali iliyonse. Mbusa aliyense adayenera kuima pamwala wa pakhomo pa mpita, wopanda ndodo, ndi kuolotsa gawo lake ndi mawu ake ndi galu wake basi; wotaya nkhosa zochepa ndiye wopambana. Adawonjezanso lamulo lakuti aliyense womasula galu wake nthawi yake isanakwane walephera pomwepo.

Gwedemula, pokhala wamkulu, ndiye adagawa nkhosazo, ndipo Mwatitha adaona kuti mkota wa khutu long'ambika, umene udayamwitsa Tiyenazo, malume ake auika m'gawo lawo. Adazindikira chifukwa chake: iwo ankaganiza kuti galuyo akasiyanitsidwa ndi mkotawo nzeru zake zonse zitha. 

"Mwana wa mlongo wanga," adatero Gwedemula akuseka, "kagalu kako kamadya phala ngati khanda, koma nyama yogwidwa ndi iko sitinailawepo. Kakaswa ana asanu uwadyetsa chiyani, mphepo?"

"Sikadatayepo nkhosa, malume," adayankha Mwatitha maso ali pansi.

Dzuwa litakwera, Gwedemula adaima pamwala naliza mluzu, ndipo aliyense adaona kuti mkuluyo ntchito yake ankaidziwa. Galu mmodzi adatseka kumanzere, wina adakankha kumbuyo, nkhosa zidalowa mumpita imodziimodzi popanda yopatuka. Mkota wa khutu long'ambika ndiwo udali patsogolo, pakuti nkhosa zonse zidazolowera kuutsata. Koma utafika pakati, pamene thanthwe limapapatiza koposa, udaima, nutembenuza mutu, nuyamba kulira kufuna Tiyenazo, mwana wake womuyamwitsa uja, amene sadali pambali pake monga masiku onse.

Zam'mbuyo sizidadziwe kuti kutsogolo kwatsekeka. Agalu akuluakulu aja, amene adaphunzira kukankha kokha, adauwa kwambiri, ndipo nkhosa zidaunjikana, ina kukwera pamsana pa inzake. Gwedemula adaliza mluzu wowabweza, koma phokoso la kuuwa lidabwerera kuchokera kukhoma la mwala nkumeza mluzuwo. Kamwana ka nkhosa kamodzi kadaterereka, kadalira kamodzi kokha, ndipo sikadamvekenso. Miyala ing'onoing'ono idayamba kugumuka m'mphepete mwa phompho.

Mwatitha adali atagwada, dzanja lili pa chingwe cha luzi chimene chidali m'khosi mwa Tiyenazo, akumva galuyo akukoka kufuna kupita. Adadziwa kuti akangogwira chingwecho kanthawi kena, malume ake ataya nkhosa zambiri, ndipo Tiyenazo apulumuka pamodzi ndi ana a m'mimba mwake. Adadziwanso kuti nkhosazo ndizo zidali moyo wa mbumba yonse kuseri kwa phiri. Mayi ake, a Sungeni, adamugwira paphewa namunong'oneza kuti asayerekeze. Pamene nkhosa yachiwiri idalendewera miyendo yakumbuyo paphompho, Mwatitha adamasula mfundo, naliza mluzu wa atate ake motsitsa.

Tiyenazo sadauwe. Adadutsa pakati pa agalu akuluakulu aja, nalowa pansi pa mimba za nkhosa, akukwawa ndi bere lake pathanthwe, kufikira adatulukira kutsogolo. Mkota udamununkhiza, nuleka kulira. Galuyo adatembenuka nayamba kuyenda pang'onopang'ono, mkota pambuyo pake, zinzake pambuyo pa mkota, ndipo ngakhale ija yolendewera idapeza popondera nikwera. Makumi awiri a Mwatitha, ataona anzawo akupita, adanyamuka okha nalowa mumpita popanda wowakusa. Zonse zotsala zidaoloka.

Anthu ataoloka nawonso, palibe amene adaimba nthungululu, pakuti lamulo lidali lomveka ndipo onse adaona mfundo ikumasulidwa. Akuluakulu adanena kuti chimene chidagamulidwa pamaso pa anthu sichingabwezedwe, ndipo adapatsa Gwedemula chingwe kuti abwerere ndi galuyo akamumange. Mwatitha sadalire mokweza. Adapempha kokha kuti asamumange pamtengo wopanda mthunzi.

Gwedemula adakoka galuyo kulowanso naye mumpita. Asanafike pakati adamva ziboda pambuyo pake, ndipo potembenuka adaona mkota uja, pambuyo pake nkhosa zonse, zitasiya msipu wobiriwira umene zidaufuna miyezi yambiri, zikubwerera pamzere kumka kudziko louma. Anyamata adayesa kuzitsekereza ndi nthambi koma sizidatheke. Akuluakulu amanenetsa kuti pamalo pamene mkuluyo adaima, thanthwe lidafewa ngati dothi la mtapo, ndipo mapazi a galu ndi a mkota adalowa m'mwala.

Gwedemula adayang'ana galuyo ndi mzere wa nkhosawo. Kenaka adasolola mpeni, nadula chingwe, nachiponya kuphompho.

"Mudati timange galu," adauza akuluakulu atabwerera, "koma apa ndapeza nkhosa makumi anayi, imodzi yokha ndiyo ya mchira wopindika. Wofuna kuimanga ayambe wamanga zinzake zonse." Ndipo potembenukira kwa Mwatitha adati, "Akaswa, undisungire mmodzi. Ndikamuyamwitsa ndekha kwa mkota."

Palibe adatsutsa. Agalu akuluakulu adabwezedwa kwa alenje, ndipo Tiyenazo adaswa ana anayi m'khola loyamba limene anthuwo adamanga kuseri kwa Chikwezo. Mwatitha adabereka Nsanje ndi Kaliyeka, ndipo kwa Kaliyeka ndiko kudachokera abusa a m'midzi ya kumeneko.

Kufikira lero, chaka chilichonse anthu akatha kukolola, abusa achinyamata ndi achikulire amapikisana poolotsa nkhosa pa dambo la m'tsinde mwa phirilo, aliyense ataima pamwala wake wopanda ndodo. Lamulo lakale lija lidakalipo, koma womasula galu pofuna kupulumutsa nkhosa za mnzake sawerengedwa wolephera. Agalu ofiirira a mchira wopindika akugonabe m'makola, ndipo wokwera kumpita amapeza pakati pake timaenje tosaya m'thanthwe, mapazi anayi a galu kutsogolo, ziboda za nkhosa pambuyo, zonse zitaloza kumwera kumene makolo adachokera.