Makobili a M'chitini cha Ndaona

Kalekale, koma osati kale la agogo athu, kale la dzanadzanali mafoni atalowa kale m'matumba a anthu, pa Lizulu panali mtsikana dzina lake Ndaona. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, mutu wakuthwa, ndi mtima wokhulupirira anthu msanga, matenda amene amagwira ana oleredwa bwino.

Bambo ake anali munthu wa sikelo. Ankakhala pakhonde la golosale ina pamsika, sikelo ili pansi, ndipo aliyense wofuna kudziwa ngati wanenepa kapena waonda ankakwerapo n'kuponya kobili m'mbale. Bambowa anali ndi kakhalidwe kamene akazi awo, a Nasibeko, ankati ndi kamisala. Akaweruka ankasankha makobili atsopano okhaokha, aja onyezimira ongochoka kumene ku banki, n'kukulunga lililonse m'kapepala kake, n'kuponya m'chitini cha mkaka. "Awa ndi a sukulu ya Ndaona," ankatero. Anamwalira chitini chitadzaza mpaka pakamwa. Koma pofika nthawiyo makobili anali atatha mphamvu. Ngakhale wogulitsa mchere wa pakasupuni ankawakana, amvekere amangong'amba thumba.

Chaka chimenecho Ndaona anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Kalata inanena mosapsatira kuti wosafika ndi fizi pakutha pa masabata atatu, malo ake apatsidwa kwa wina. Pakhomo panalibe ndalama yotero. A Nasibeko ankalima kabichi m'dimba, ndipo mchimwene wake wa Ndaona, Maliseni, ankachita kabaza pa njinga yamoto yotopa. Zonsezo zinkangokwana m'mimba.

Ndaona ananyamula chitini chija n'kupita nacho kwa aphunzitsi ake, a Likongwe, kukafunsa ngati a banki angachisinthe. A Likongwe anamasula kapepala kamodzi, n'kumasula kena, kenako anavala mandala. Anatulutsa foni n'kumuonetsa tsamba lina pa intaneti.

"Iwe Ndaona, kunja kuli anthu amene amatolera makobili a maiko osiyanasiyana, monga ena amawetera nkhunda. Safuna kugulira kanthu, amangofuna kuwaona. Kobili latsopano, losakhudzidwa ngati ili, amaligula mtengo woti ungaseke. Koma tamvera. Usawatsuke, usawapukute, usawagwire ndi thukuta. Akangokalika, atha ntchito."

Ali mkati moyang'ana, anapeza kobili la K10 limene njovu yake inadindidwa mokhota, chitamba chitatsala pang'ono kutuluka m'mphepete. Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ili ndi lolakwika," anatero. "Lingakuonongere malonda. Ndisiyire, ndikupatsa dikishonale iyi, ukaigwiritse ntchito ku sekondale. Ndipo pazamalondazo upeze wachibale wamkulu. Ine sindingachite bizinesi ndi mwana wa sukulu."

Ndaona anagwada polandira bukulo. Panjira yonse ankadzifunsa kuti munthu wabwino chotere Mulungu anamuumba ndi dothi liti.

Mwana sangatsegule malonda pa intaneti. Alibe chiphaso, alibe foni, dzina lake silikwana kulandira ndalama. Choncho Ndaona anapita kwa Maliseni. Maliseni anaseka kaye mpaka kukhosomola, koma ataona mitengo ija anasiya kuseka. Anajambula makobili ali m'mapepala awo, Ndaona akulemba Chingerezi, ndipo pasanathe masiku anayi kunapezeka mayi wina wa kutsidya kwa nyanja amene anafuna chitini chonse. Mtengo umene anatchula unali wokwana fizi ya chaka, matiresi ndi nsapato. Anati atumiza theka poyamba, theka lina katundu akafika. Mayiyo atamva kuti amene anasunga makobiliwo ndi bambo wa sikelo, anapempha dzina la mwanayo ndi chithunzi chake, ati nkhaniyo yamukhudza mtima.

"Ndalama ikalowa mundiuza, achimwene?" anafunsa Ndaona.

"Ukufunsa chiyani iwe? Ndine wa mimba ina ine? Ikangolira foniyi, woyamba kumva ndiwe."

Ndaona anapereka chitini kwa amayi ake kuti achikiyire m'sutikesi. Anawachonderera kuti asachitsegule, ndipo a Nasibeko anati, "Ndachisunga zaka zonsezi osachigwira, ndichigwire lero?"

Ndaona anayamba kuyenda ngati mapazi sakugunda pansi. Anachapa yunifolomu yobwereka, analemba dzina lake pachikuto cha dikishonale, anatsanzikiratu ndi anzake a kutchalitchi. Paja akulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sabata inatha, yachiwiri inayamba. Tsiku lililonse ankafunsa ngati foni yalira, ndipo tsiku lililonse Maliseni ankayankha akuyang'ana tayala la njinga: "Azungu amachedwa, dikira." Kenako tsiku lina Maliseni anati mayi uja akufuna chithunzi chomaliza asanauze kotumiza katundu. A Nasibeko anatulutsa chitini m'sutikesi, n'kuchiika pamphasa, n'kubwerera kukhitchini mofulumira. Ndaona atatsegula anapeza mulibe kapepala ngakhale kamodzi. Makobili anali mbulanda, oyera mbuu, ndipo lililonse linali ndi timizere ngati kunsi kwa poto wokwechedwa ndi mchenga.

Sanalire pomwepo. Anati mwina mayi wa kunjayo sadzaona. Maliseni anajambula, natumiza, ndipo yankho silinachedwe. Ndaona analanda foni n'kuwerenga yekha. Mayiyo anati wamva chisoni kwambiri, koma awa si makobili amene anawaona poyamba, sangawagule. Anati theka limene anatumiza masiku khumi apitawo alisiya ngati chipepeso, ndipo asamulemberenso.

"Theka liti, achimwene?"

Maliseni anakanda m'mutu. Anati tsiku limene ndalama inalowa ndi tsiku limene injini ya njinga inafa pa Tsangano, ndipo makaniko sakanayamba ntchito popanda kanthu m'manja. Ataona maso a mlongo wake, anachita zimene amachita munthu wogwidwa, kufunafuna wogwidwa mnzake.

"Ukundiyang'ana ine ndekha bwanji? Taona aphunzitsi akowo."

Anatsegula tsamba lomwe lija. Panali chithunzi cha njovu yokhota, itagonekedwa pansalu yofiira ya patebulo la a Likongwe, nsalu imene Ndaona anaidziwa chifukwa anaikapo chitini ndi manja ake. Pansi pake panalembedwa kuti yagulidwa. Kobili limodzi lokhalo linapita mtengo woposa chitini chonse.

Apo ndiye Ndaona analira, kulira kopanda mawu kuja kumene kumagwedeza mapewa okha. Sankalirira ndalama ayi. Mlendo wa kutsidya kwa nyanja, amene aliyense ankati ndiye adzamubera, sanamubere ngakhale tambala. Amene anamudya ndi atatu amene ankawapatsa moni m'mawa uliwonse: aphunzitsi, mchimwene wake, ndi amayi ake amene anakwecha makobili. Ndipo chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti mmodzi yekha mwa atatuwa akanakhulupirika, zikanatheka. Njovu yokha ikanakwana chaka. Theka lija likanamulowetsa pageti. Makobili osakwecha akanabweretsa theka linalo.

Kutatsala masiku atatu, anabwera amalume ake, a Zakeyu, kuchokera ku Biriwiri. Anakhazika onse pansi pamtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba, aphunzitsi omwe, n'kuti aliyense anene mbali yake.

A Likongwe anayamba, chipewa chili pabondo. "Popanda ine, chitini ichi chikanakhala choseweretsa ana. Ndinamutsegula maso mwanayu ndine. Kobili lija sindinabe, tinasinthana, iye anagwada n'kuthokoza. Inde, ndinkadziwa mtengo wake. Koma akazi anga anali gone kuchipatala, ndipo ndinaona kuti chitini chokha chimukwanira. Ndikanalota kuti kunyumba kwake kukhala zotere?"

"Munati ndi lolakwika, aphunzitsi," anatero Ndaona chapansipansi.

"Linali lolakwikadi."

"Munati lingandionongere malonda."

Pamenepo a Likongwe anayang'ana chipewa chawo.

Maliseni analankhula ataimirira, poti kukhala pansi kunamukanika. "Anapeza wogula ndine. Mayunitsi anga, foni yanga, dzina langa. Njinga ija ndi imene imagula ufa pakhomo pano, ndi sopo amene wachapira yunifolomu. Ikanafa, akanapita kusukulu kusiya amayi akudya chiyani? Ndinati theka lachiwiri likabwera ndidzamuuza zonse, ndiponso ndizibweza pang'onopang'ono. Sindinamwere mowa ndalama imene ija, amalume."

"Ndinakufunsani masiku khumi, achimwene. Masiku khumi mukuyang'ana tayala."

A Nasibeko anali omaliza, ndipo analankhula akupotokola nsonga ya chitenje. "Ine ndinasunga chitini chimenechi pamene munalibe mchere m'nyumba. Koma achimwene, tandiuzani inuyo. Munthu wanzeru zake angapereke ndalama zonsezo pa makobili osagula ngakhale machesi? Kenako ndikumva akufuna dzina la mwana, akufuna chithunzi cha mwana. Anzanga kumsika anandiuza kuti safuna makobili amenewo, akufuna dzanja limene lawagwira. Anati alipo ana amene anapenga chifukwa cha ndalama zotere. Ndinaika kale mwamuna m'manda, ndiikenso mwana? Ndinatenga phulusa ndi mchenga, ndinakwecha limodzilimodzi kuti lichoke dzanja la abambo ake ndi lake, akafika nawo kumeneko asapezepo pomugwirira. Sindinatengepo ngakhale limodzi."

"Bwanji simunangondiletsa, amayi?"

"Ukanamva?"

Ndaona ankadziwa kuti sakanamva. Koma ankadziwanso kuti m'mapepala amene amayi ake anasonkhezera moto munali mapindidwe a zala za abambo ake, chizindikiro chokhacho cha manja awo chimene anamusiyira.

A Zakeyu anapukusa mutu. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero. "Komanso ine ndinene zanga. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi amafuna chiyani pamsika wosaoneka, pamene sangalandire yekha ndalama, sangasunge yekha katundu, sadziwa mtengo wa chimene wanyamula? Wolowa msika wotere amayenda ndi miyendo yobwereka."

"Ndikanapanda kulowa, amalume, munali ndi fizi yoti mundipatse?"

A Zakeyu anatsokomola, n'kufunsa ngati pali madzi akumwa.

Atamwa anagamula chotere. Kusonkha onse atatu sikukanatheka m'masiku atatu, chifukwa aliyense analibe kanthu m'thumba. Chimene aliyense anali nacho chinali chinthu chimodzi chachikulu chosadulika pakati. A Likongwe anali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, umene akazi awo odwala aja ankamwa. Maliseni anali ndi njinga. A Nasibeko anali ndi dimba, ndipo panali munthu amene ankalisirira kuyambira kale. Chilichonse mwa zitatuzi chikanakwana fizi ya chaka. Onse atatu anavomera pamaso pa a Zakeyu kuti amene mwanayo amuloze kuti ndiye wamupweteka koposa, agulitsa chake mawa lomwe popanda kuwiringula.

"Loza, mphwanga," anatero a Zakeyu. "Ukapanda kuloza, Lolemba ukatenge sikelo ya abambo ako ukakhale pakhonde paja."

Ndaona anadzutsa mutu. Anayang'ana aphunzitsi amene anamuphunzitsa kuwerenga, amene anadziwa choonadi n'kumugulitsa bodza pamtengo wa dikishonale. Anayang'ana mchimwene wake amene ankamubereka kumsana ali khanda, amene anadya ndalama yake chifukwa cha mimba za onse n'kumunamiza masiku khumi. Anayang'ana amayi ake, amene sanapindule kanthu, amene anaphwanya lonjezo chifukwa chomukonda n'kufufuta ndi phulusa zonse zimene bambo ake anasunga. Zikhadabo za mayiwo zinali zikadali zakuda ndi phulusalo. Chitini chinali pakati pawo, makobili akunyezimira kuposa kale, osagula kanthu.

Anakweza dzanja pang'onopang'ono, n'kutambasula chala.

Ine ndaima pomwepa, chifukwa chala chimenecho si changa. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musathamangire kunena kuti mwana analakwa kuyamba malonda pokhapokha mutatiuza kumene fizi ikanachokera. Mukanakhala Ndaona, masiku atatsala atatu, mukanaloza yani: amene anakunamizani akudziwa, amene anakudyerani ali ndi njala, kapena amene anakuonongerani zonse akukutetezani?