Ndodo ya a Pakatikati

Pa kampani ina yojambula mapulani a nyumba panali bambo amene anzawo anawapatsa dzina loti a Pakatikati. Anthu awiri akakangana, kaya za mpira kaya zotsegula windo, iwo ankagwedeza mutu mwanzeru n'kunena kuti, "Nonse mukunena zoona." Anali wachiwiri kwa bwana, odziwa ntchito yawo, a tayi tsiku lililonse, ndipo ankadzitama kuti chilowereni ntchito sanayambanepo ndi munthu. Kampani itakhazikitsa komiti yoona kuti aliyense akulemekezedwa mofanana, wapampando anali iwo omwewo. Ntchito yaikulu imene komitiyo inagwira inali kukhoma chikwangwani pakhomo: "Pano tonse ndife banja limodzi."

M'banja limenelo munali injiniya mmodzi wamkazi. Sukulu anapita nayo patali kuposa amuna onse a pamenepo, koma msonkhano ukangoyamba bwana ankamumwetulira. "Mayi, tatithirirani tiyi, manja a amayi amakometsa." Tiyi akatha, "Mayi, mutilembere zokambiranazi, zolemba zanu zimawerengeka bwino." Akapereka ganizo, m'chipinda munkangoti zii. Pakapita kamphindi mwamuna wina ankalitola ganizo lomwelo, kulisasa fumbi, n'kulinena ndi mawu a besi, onse m'manja phwaphwaphwa. Mayiyo ankalemba ndi dzanja lake lomwe kuti nzeruyo yachokera kwa uje. Munalinso wojambula wina wachibwibwi amene sanamalizepo chiganizo chake, chifukwa anzake okoma mtima ankamumalizira, nthawi zambiri ndi zimene iye sankafuna kunena.

Tsiku lina, atamulanda ganizo la kakhomedwe ka denga la sukulu ina, mayiyo anawaimitsa a Pakatikati m'khonde.

"Achimwene, inu munamva kuti za denga zija ndinayamba kunena ndine. Sindikuti mukamenyane ndi munthu. Zikachitikanso mungonena kuti, 'Mayiwa anena kale zimenezo.' Basi."

A Pakatikati anayang'ana uku ndi uku ngati awapempha kusunga katundu wakuba. "Chemwali, alipo wakutukwanani? Tiyi ndi tiyi. Mukamatola kanthu kalikonse anthu adzati ndinu ovuta. Komanso ine monga wapampando sindiyenera kukhalira mbali."

"Nanga mpandowo ndi wa ntchito yanji?"

"Wokhalapo, chemwali," anatero, n'kuseka okha.

Pamsonkhano wotsatira zinachitikanso. Mayiyo anawaponyera diso, koma a Pakatikati anali kalikiliki kutakasa shuga amene anali atasungunuka kalekale.

Dzuwa silikhala paliwombo mpaka kale. Bwana anapuma pa ntchito, kampani n'kuisiya m'manja mwa mwana wake, wa magazi otentha, wobwera ku ofesi atavala nsapato zothamangira. Anabwera ndi anzake amsinkhu wake, ndipo onse anawapatsa a Pakatikati ulemu wosefukira. Palibe anawatukwana. Ankangowatchula kuti madala.

Kutabwera maphunziro a pulogalamu yatsopano yojambulira pa kompyuta, bwana wamng'onoyo anawasisita paphewa. "Madala, tisakuvutitseni ndi zimenezi, maso angakupwetekeni." Kukakhala kokakumana ndi makasitomala akuluakulu, "Madala, kumeneko masitepe ndi ambiri, inu tisungireni ofesi." Pamsonkhano anawapatsa udindo wotsegula ndi pemphero ndi kutseka ndi pemphero. Pakati pa mapemphero awiriwo palibe ankawafunsa kanthu.

Tsiku lina anadzilimbitsa mtima nachenjeza kuti malo amene ankafuna kumangapo nyumba yosanja ndi a lowe, maziko ake afunika kuzama. "Eee, nzeru zakale zimenezo!" anatero wina, anthu n'kuseka mwachikondi. Tiyi asanazizire, mnzake wa bwana ananena zomwezo m'mawu ataliatali a m'mabuku, akuloza pa kompyuta. Bwana anaimirira n'kumugwira chanza.

A Pakatikati anayendetsa maso patebulo ponse kufuna mboni. Wachibwibwi uja anawamvera chisoni natsegula pakamwa. "A-a-a-ma-ma..."

"Akuti tipitirire," anamumalizira wina, ndipo anapitiriradi. Injiniya wamkazi sanadzutse mutu. Anali kulemba.

Msonkhano utatha a Pakatikati anamulondola mayiyo ku desiki yake, n'kumupeza akulongedza mabuku m'katoni. Kampani ina inali itamuitana kuti akatsogolere mainjiniya ake.

"Chemwali, mwaona zimene andichita ana awa? Za maziko zija si ndinayamba ndine?"

"Ndinamva, achimwene. Munayamba ndinu."

"Nanga osanena bwanji? Inu mukuzidziwa kuwawa kwake zimenezi."

Mayiyo anamata katoni yake mosafulumira. "Ndikanakonda kukuthandizani. Koma m'chipinda muja mawu anga samveka, ndipo pamene ankawatsitsa inu munalipo. Ndikanayankhula, mwina akanandituma madzi otentha." Ananyamula katoni. "Kadandauleni ku komiti. Ndamva kuti wapampando wake ndi munthu wabwino kwambiri."

A Pakatikati anatsala chilili.

Sipanapite nthawi, bwana anawaitana n'kuwauza mwaulemu wonse kuti kampani yaganiza zowapatsa mpata wokasewera ndi zidzukulu. Zidzukuluzo analibe, mwana wawo womaliza anali akadali ku sekondale, ndipo zaka zopumira zinali zisanakwane. Anayesa kutsutsa, koma pakamwa pozolowera kuvomereza mbali zonse panangotuluka kuti, "Inunso mukunena zoona, bwana."

Anawakonzera phwando lotsanzikana, la zakumwa ndi zoyankhula zotsekemera. Anawatcha mzati, nkhokwe ya nzeru, tate wa onse. Pomaliza anawapatsa mphatso yaitali yokulungidwa m'pepala lonyezimira. Atamasula anapeza ndodo yoyendera, yopaka polishi, ya mutu wa mkango. Munthu woti m'mawa uliwonse ankathamangira basi n'kuipeza! Anthu anaomba m'manja, ndipo pemphero lotsekera anapemphera okha.

Atafika kunyumba akazi awo anayang'ana ndodoyo, n'kuyang'ana miyendo ya amuna awo.

"Mwathyoka pati, bambo a ana?"

"Ndi mphatso."

"Zaka zonsezi, anthu onse aja munkati simunayambane nawo, palibe ndi mmodzi yemwe anakuyankhulirani?"

A Pakatikati anakhala pampando. Anayesa kukumbukira tsiku limene iwo anayankhulirapo munthu, koma m'mutu munali mbee. Akazi awo anatenga ndodo ija n'kuyamba kuchotsera akangaude kudenga.

Moto wa pa ntchito suyamba ndi malawi. Umanyeka pang'onopang'ono m'nthabwala ndi m'maulemu onyenga, ndipo woonerera amayesa kuti utsiwo ndi wa eni ake. Akuluakulu anati, mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.