Sakhwi Afuna Ukochi wa Matowo

Padangokhala chaka china cha njala kudambo la Matowo. Sinali njala ya m'mimba ayi, chifukwa msipu unalipo, chiswe chinalipo, madzi ali tho m'zithaphwi. Inali njala ya zigoli. Timu ya nyama zakumeneko, imene ankangoitchula kuti Matowo, inasewera masewero asanu ndi awiri osagoletsa n'kamodzi komwe, koma ikumwa zigoli ngati thobwa la paukwati. Mvula ikakuona litsiro sikata. Masapota atatopa anathamangitsa kochi wawo, Nungu, mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndipo akuti minga ina anaitaya m'njira chifukwa cha liwiro.

M'mawa mwake onse anasonkhana pansi pa mkuyu kuti asankhe kochi wina. Wapampando wa masapota anali Njiri, mkulu wa mawu okhuthala amene ankakonda kudzimvera yekha akamayankhula.

"Mayina alipo awiri," anatero Njiri. "A Njati ndi a Nyani. Tiyeni timve."

"A Njati basi!" gulu lina linakuwa. "Pamene ankasewera kumbuyo paja kunkadutsa ndani? Anyamatawa akufunika munthu woti akamuona azinjenjemera!"

"Mpira si nkhondo, inu!" linayankha gulu linzake. "A Nyani anakhalako kunja, kuseri kwa mapiri uko. Taonani jekete lawolo. Kochi amaoneka ndi maso!"

Anakangana mpaka dzuwa kufika paliwombo, ena kufuna kugundana mitu.

Pamzu wa mkuyuwo panali patakhala Sakhwi, kanyama kochepa ngati mbewa, kamphuno kataliko. Zaka zonsezi Sakhwi sanajombeko kubwalo. Ankadziwa wosewera amene ali ndi mwendo wamanzere wakufa, ankadziwa amene amatopa msanga, ankadziwanso amene amaopa kumenya mpira ndi mutu. Mpira ankaudziwa ndithu, zimenezo sitingamunamizire. Koma dzina lake silinatuluke m'kamwa mwa aliyense, ndipo nthawi iliyonse akamva kuti "a Nyani," nsanje inkamudya.

Potsiriza Njiri anagamula. "Kwatsala masewero atatu. Oyamba atsogolere a Njati, achiwiri a Nyani. Wochita bwino atenga achitatu, ndiye kochi wathu."

"Nanga onse akalephera, akulu?" anafunsa Sakhwi.

Anayamba ayang'anayang'ana kaye kuti mawuwo achokera kuti. Atamuona, kunali phwete.

"Akalephera onse, achitatuwo ndi ako, Sakhwi," anatero Njiri akupukuta misozi ya chiseko. "Tidzachita kukunyamula kuti ufikire pa benchi."

"Mwamva nonsetu," anatero Sakhwi, osaseka.

Akubwerera kunyumba, mkazi wake anangoyankhula mosaganiza kuti, "Komatu a Nyani jekete lija limawakhala." Tsiku limenelo Sakhwi sanadye.

Tsono kudambo kuja kunalibe amene ankakhulupirira kuti mpira umaseweredwa ndi miyendo yokha. Timu ikaluza ankati anzawo anakwirira zinthu pachipata, ikawina ankati sing'anga wawo ndi wokhwima. Sakhwi zimenezi sankazikhulupirira n'pang'ono pomwe, koma ankadziwa kuti anzake onse amagona nazo n'kudzuka nazo.

Masewero oyamba anali koyenda, kubwalo la timu ya Kuphiri, lozunguliridwa ndi mpanda wa nkhadze. Ali m'njira, Sakhwi anakwera pamsana pa Njati mpaka kukafika kukhutu.

"Bwana kochi, ine ndili mbali yanu. Koma mwamva za pachipata?"

"Pachipata pali chiyani?"

"Akwirirapo zinthu, ndipo atchula dzina lanu. Osewera adutse, palibe kanthu. Koma inu mukangopondapo, nzeru zonse zitsalira pomwepo."

Njati anaima njii. "Ndiye nditani, mphwanga?"

"Mulumphe mpanda. Ine ndikupakani kanthu kuziboda kuti mupepuke. Chachikulu musaukhudze mpandawo, ndiponso musauze munthu. Zikamveka zimasukuluka."

Anamupaka matope wamba a m'njira. Njati anabwerera m'mbuyo, nathamanga fumbi lili koboo, nalumpha. Koma inu, njati inayamba yauluka liti? Anagwera pakati penipeni pa nkhadze, phwatha! Mkaka wa nkhadze unamuthira m'maso monse. Analowa m'bwalo misozi ili chuchuchu, osaona kanthu. Masewero onse ankakalipa atayang'ana kumene kunali ogulitsa nzimbe, akukuwa kuti, "Bwererani kumbuyo! Tchingani!" Matowo inamwa zinayi.

Potuluka, Sakhwi anamunong'oneza mwachisoni. "Ndinanenatu, bwana, kuti musaukhudze."

"Kulakwa n'kwanga, mphwanga," anatero Njati. "Usauze munthu."

Sabata yotsatira inali ya Nyani. Iyeyu anali wochenjerako, ndiye Sakhwi sanamuthamangire. Anangokhala pafupi pamene Nyani ankasasa fumbi pa jekete lake, n'kumapukusa mutu.

"Vuto n'chiyani, aise?" anafunsa Nyani.

"Palibe, bwana. Ndikungomva chisoni. Jekete labwino ngati limeneli, kukathamangitsidwa nalo mpaka kumtsinje ngati a Nungu."

"Andithamangitse ndani? Ine mpira ndinauphunzira kunja."

"Kunjako kulibe a Kumtsinje amene tisewere nawowa. Mawa akubwera ndi nyanga yotembenuza mawu. Mukati 'pita kumanja,' wosewera azimva 'kumanzere.' Mukati 'menya,' azimva 'siya.' Mukuganiza kuti a Njati maso aja anatupa okha?"

Nyani anasiya kusasa jekete. "Pali chothandiza?"

"Chilipo, koma chizimba chake n'chovuta, makamaka kwa inu odziwa kuyankhula. Mudzaike kamtsitsi aka m'kati mwa tsaya. Kuyambira wezulo woyamba mpaka womaliza musatulutse mawu, olo kutsokomola. Kamtsitsika kazikayankhula kokha m'mitima mwa osewera."

Kanali kamuzu ka chisoso komwe Sakhwi anazula kuseri kwa chulu.

Tsiku la masewero Nyani anakhala pa benchi atapinda miyendo, tsaya lili tumbi. Chigoli choyamba cha a Kumtsinje chinalowa, iye duu. Chachiwiri chinalowa, iye duu. Osewera ankatembenuka kumufunsa ndi maso, iye n'kumangoyang'ana mitambo.

"Yankhulanitu, kochi!" masapota anakuwa. "Kapena Chichewa munachisiya kunjako?"

Chachitatu chitalowa, Nyani analephera kupirira. Anadumpha n'kukuwa kuti, "Hoo!" kamuzu kaja n'kugwa pansi. Anakatola msanga, koma maso ake anakumana ndi a Sakhwi, amene anangopukusa mutu pang'onopang'ono. Nyani anazyolika ndi manyazi. Sakhwi anafika kunyumba akuimba, ndipo anadya mbale ziwiri za chiswe.

Lonjezo linadulitsa mutu wa nyani wina kalekale, koma Njiri mutu wake ankaufuna. Sakanachitira mwina, anthu onse anamva. Anamunyamuladi Sakhwi n'kumukhazika pa benchi.

Masewero achitatu anali apakhomo, ndi timu ya Kuchigwa, imene goloboyi wake anali Changa wa maso akuluakulu uja, wogwira mpira ngati kuti m'manja muli ulimbo. Apa Sakhwi anagwira ntchito yeniyeni. Mbawala, amene makochi onse ankamuika kumbuyo, anamupititsa kumphepete kuti azithamanga. Fisi, wokonda kudya yekha mpira, anamukhazika panja. Anauza anyamata kuti azipatsirana pansipansi, chifukwa a Kuchigwa anali ataliatali olephera kuwerama. Ndipo taonani, chigawo choyamba chisanathe, Mbawala anadutsa ngati mphepo n'kuugwedeza ukonde.

Njala ya miyezi itatu inatha. Bwalo linagwedezeka. Sakhwi mtima unali m'malo, ndipo akanangokhala phee pamenepo, nthanoyi ikanatha bwino.

Koma pa nthawi yopuma anamva kumbuyo kwake Njiri akucheza ndi Nyani.

"Chimodzi ndi mwayi chabe," ankatero Njiri. "Olo nkhuku yakhungu imatola njere. Musadandaule, a Nyani, nkhaniyi tidzaikambiranabe."

Masapota nawonso ankaimba nyimbo ya Mbawala, dzina la kochi osalitchula. Nsanje ija inabweranso, tsopano yoposa kale. "Chimodzi ndi mwayi?" anadziyankhulira. "Ndiwapatsa zoti dzina la Nyani asadzalitchulenso."

Anatola chipanda, natunga madzi a m'chithaphwi, nathiramo phulusa la pamene amayi ankawotchera chimanga. Kenako, anthu onse akuona, anayenda pang'onopang'ono mpaka pagolo pamene Changa ankayenera kuima m'chigawo chachiwiri. Anawaza madzi aja uku ndi uku, milomo ikugwedezeka, n'kuzungulira mtengo wa golo katatu chobwerera m'mbuyo.

Changa atafika anaona pansi pali ponyowa. Maso aja anakula kuwirikiza.

"Wawaza chiyani apa, iwe?"

"Palibe choopsa, achimwene," anatero Sakhwi akuchoka. "Bola ngati ana munabereka kale."

Changa sanapondepo. Chigawo chonse anaima patali, pambali pa golo, anzake akumuchonderera, iye akukana kuti mpira sungamupezere banja lina. Matowo inagoletsa zina zinayi, ndipo chomaliza anagoletsa ndi Kamba, atachita kuyenda nawo mpira mpaka kulowa nawo.

Mawa lake pansi pa mkuyu panalibe malo. Sakhwi anafika atasamba bwino, mphuno ili m'mwamba, mkazi wake ali pambuyo. Njiri anakweza dzanja.

"Abale anga, dzulo tadzionera tokha. Zaka zonsezi timavutika chonsecho tili ndi sing'anga pakhomo!"

Anthu anaombera m'manja. Sakhwi anakweza kadzanja kake.

"Pepani, akulu," anatero. "Chigoli choyamba chija chinali cha mpira weniweni. Ndine ndinamuchotsa Mbawala kumbuyo..."

"Kudzichepetsa kumeneko!" anadula Njati. "Ndiulule lero. Mwana uyu anandipatsa mankhwala ine, ndinalakwitsa ndekha chizimba. Kungokhudza mpanda pang'ono, maso anatsala pang'ono kuphulika!"

"Inenso," anatero Nyani. "Ndinangoti 'hoo' kamodzi, masewero onse anathera pomwepo. Zinthu zake n'zoopsa."

"Ndiye nkhani yaphweka," anatero Njiri. "Munthu wotereyu sitingamuwononge pomukhazika pa benchi. Sakhwi akhale sing'anga wa timu. Ukochi, popeza zigoli zizibwera zokha, ungofunika wooneka bwino pamaso pa alendo. A Nyani akhale kochi, a Njati wachiwiri wawo."

Kunali nthungululu. Sakhwi anadumphira pamwamba pa muzu, mtima ukuwawa.

"Ayi! Tamverani! M'chipanda muja munalibe kanthu, anali madzi chabe a m'chithaphwi!"

Njati anatsitsa mutu wake waukulu uja mpaka mpweya wake wotentha unkagwedeza ndevu za Sakhwi. Maso ake anali akadali ofiira.

"Madzi chabe? Ndiye zimene unandipaka kuziboda zija zinali chiyani, mphwanga?"

"Nanga kamtsitsi kanga kaja?" anafunsa Nyani, akupinda manja a jekete.

Sakhwi anayang'ana nyanga za Njati, nayang'ana mano a Nyani, nayang'ananso benchi lija lili poteropo padzuwa.

"Ndimangokuyesani, akuluakulu," anatero ndi kamawu kakang'ono. "Sing'anga weniweni saulula za m'chipanda."

"Wakhwima mwana ameneyu!" anatero Njiri, ndipo onse anaseka mokondwa, kupatula mmodzi.

Kuyambira tsiku limenelo Sakhwi sanakhalenso pa benchi. Masewero alionse ankamupatsa chipanda n'kumukankhira kugolo kwa adani, kumene masapota a timu inayo ankakhala atamudikirira ndi zibuma. Nyani sanasinthe kanthu pa kaimidwe ka osewera kamene Sakhwi anakonza, ndiye Matowo inayamba kuwinawina. Ikawina, ankanyamula Nyani m'mwambamwamba akuimba kuti kunja kuli maphunziro. Ikaluza, palibe amene ankayang'ana kochi. Onse ankatembenuka n'kufunsana kuti, "Kodi sing'anga uja ali kuti?"

N'chifukwa chake mpaka lero mukakumana ndi sakhwi kutchire simumuona akuyenda. Amangodutsa fyuu m'kanjira kake, osapereka ndi moni womwe. Musamuyese wamwano. Mwina Matowo yaluzanso.