Paipi ndi Chidendene

Panali munthu wina, mkamwini, amene sankasowa kanthu kupatula mtendere wa mumtima. Iye ndi mnzake anakwatira nyumba imodzi: iye anatenga mkulu, mnzakeyo mng'ono. Kuseri kwa mudziwo kunali phiri lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Apongozi awo analigawa pakati, nati amene mitengo yake igwire, malowo akhala a ana ake. Amene alephere, mbali yake ipita kwa mnzake.

Onse awiri anafesa mbawa m'nazale, nathirira chilimwe chonse. Mvula itagwa, mkamwini wamkulu anatenga khasu. Wamng'ono anatulutsa chipangizo chimene anabwera nacho kuchokera kunkhalango ya paini komwe ankagwira ntchito kale. Inali paipi yachitsulo yolekeza m'chiuno, kunsi kwake kuli mlomo wosongoka. Ukaibaya pansi n'kuponda kachitsulo ka m'mbali, mlomowo umayasama m'nthaka. Ukaponya mbande kumwamba, imatsetsereka n'kukakhala m'dzenje.

Wamkulu ankakumba chowerama, msana uli m'mwamba, thukuta lili kamukamu. Akadzutsa mutu ankaona mnzake patali akuyenda choongoka, likhweru lili pakamwa, ngati munthu wopita kuukwati. Apongozi akadutsa ankaima kumbali ya paipi n'kuwomba m'manja. Mtima wa wamkulu unawawa. Inali nsanje, tisaipatse dzina lina.

Wamng'ono anamuuza kuti akamaliza mizere yake abwera ndi paipiyo, adzalire limodzi. Mkazi wa wamkuluyo nayenso anamulangiza kuti avomere. Iye anakana. Anati sangaphunzitsidwe kudzala mtengo ndi mwana amene anabwera dzulodzuloli pamudzi. Komatu maso ake sankachoka pachitsulo chija.

Kenaka m'mudzimo munagwa maliro. Mukudziwa inu kuti tsiku la maliro khasu siligwiridwa. Anthu onse anapita kusiwa, wamng'ono anapita kukakumba manda ndi adzukulu anzake. Wamkulu anati mutu ukumupweteka. Mudzi utangoti zii, anakatenga paipi ija pakhonde la mnzake, nasenza mbande zake zonse zotsala, ulendo kuphiri.

Ha, ntchito inakoma! Kubaya, kuponda, kuponya, kuzula. Kubaya, kuponda, kuponya, kuzula. Msana uli chilili. Pomwe anthu ankabwerera kumanda, iye anali atamaliza mbali yake yonse, paipi ataibwezera pamalo pake. Anagona akuseka mumtima kuti wamupitirira mnzake.

Posakhalitsa kunachita ng'amba. Mbande za wamng'ono zinafota masana n'kudzuka madzulo. Za wamkulu, kupatula zochepa zimene anadzala ndi khasu, zinafota osadzukanso. Iye anayamba kunong'oneza anthu kuti mnzakeyo wamuchita chipongwe ndi mankhwala. Wamng'ono atamva, anakwera phiri, nagwira mbande imodzi youma ndi zala ziwiri. Inazuka yokha, mizu ili gwa, dzenje lili pululu.

"Achimwene, paipi imangotsegula dzenje," anatero wamng'onoyo. "Chimene chimadzala mtengo ndi chidendene. Ukazula chitsulo, umaponda dothi kuti likumbatire mizu. Ndinkaponda pa mbande iliyonse. Kodi simunkaona?"

Akanaona bwanji? Ankayang'anira patali, ndipo udzu unkabisa mapazi. Anaona chitsulo chonyezimira, anaona msana woongoka, anamva apongozi akuwomba m'manja. Ndi khasu lake lomwe lija ankatsendera dothi bwinobwino, koma atagwira paipi anayesa kuti chitsulo chichita zonse. Ndipo tsiku limene anasankha, paphiripo panalibe ngakhale mmodzi womuuza kuti, ponda apo. Mbande zina analibe, nyengo inali itapita. Apongozi sanabweze mawu awo. Lero ana a munthu uja akafuna nkhuni, amakapempha kwa ana a mng'ono wa mayi awo.

Tsono iwe amene ukundimvera, ndikudziwa kuti pali mnzako amene zake zikuyenda, ndipo ukamuona kukhosi kumakuwawa. Nsanje imakuimika patali, ndipo patali umangoona paipi. Sendera pafupi, upereke moni, ufunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu uja sanasowe mbande, sanasowe mphamvu, sanasowe womuthandiza. Chinamukanika n'kunena kuti, "Achimwene, tandionetsani."