Mayi Amene Anapaka Matope pa Zitsa

Kunali mayi wina amene ankakhala m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja yamchere, kutali ndi kuno. Ambiri a inu nyanja imeneyo simunaionepo. Madzi ake samweka, ndipo sakhala malo amodzi. Amabwera kumtunda kawiri pa tsiku, n'kubwereranso, kusiya dambo lalikulu la matope. M'matope amenewo mumamera mitengo ya mtundu wake, ya mizu yoonekera kunja, yolukanalukana. M'mizu imeneyo ndi mmene nsomba zimaswerana. Nkhanu zimakumba maenje ake momwemo, ndipo akakowa amamanga zisa m'nthambi zake.

Mayiyu ankagwira nkhanu. Madzi akaphwa ankalowa m'matope ndi ndodo yokhota ndi dengu, n'kumafufuza maenje mpaka dzuwa kufika paliwombo. Mwamuna wake anali atamwalira kale, kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Esinta. M'mudzimo anthu ankamudziwa ndi chinthu chimodzi: sankakangana ndi munthu. Mbuzi ya mnzake ikalowa m'chinangwa chake, ankangoipirikitsa, osanena kanthu kwa mwini wake. Anthu ankati, "Mayi aja ndi amtendere." Iye akamva zimenezo mtima unkamukomera.

Tsono panafika zaka zoipa. Anthu anali atadula mitengo ija kwambiri, pakuti nsichi zake ndi mapaso ake chiswe sichidya, ndipo am'tauni ankazifuna. Nkhanu zinayamba kusowa. Asodzi ankabwerako ndi tinsomba tosadzaza mbale. Akakowa anasamuka. Mayi uja ankachoka m'mamawa, n'kubwera masana ndi nkhanu zitatu pansi pa dengu.

Anthu anakhala pansi onse, asodzi, amayi ogwira nkhanu, ophika mchere, nagwirizana chimodzi. Anati nkhwangwa isalowenso m'matope. Anagawana gombe lonse, banja lililonse chigawo chake, malire anakhoma ndi zikhomo. Aliyense abzale pake ndi kusamala pake. Ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankasonkhana pansi pa mtengo wa bwemba, mwini chigawo aliyense n'kuimirira kunena mmene kwake kulili.

Chigawo cha mayi uja chinali chapakati, kuseri kwenikweni kwa nyumba yake. Anabzala ndi manja ake, matope akumufika m'mawondo, nkhono zikumucheka mapazi. Mbewu zina zinkakokoloka ndi madzi, iye n'kubzalanso. Patapita zaka zisanu mitengo inamupitirira msinkhu. Nkhanu zinabwerera. Tsiku lina anaona akakowa awiri atatera pa nthambi ya mtengo umene anabzala yekha, ndipo anaima nthawi yaitali akuwayang'ana, dengu lili pamutu.

Chaka chimenecho Esinta anakwatiwa. Mwamuna wake anachokera kumtunda, nadzamanga nyumba pambali pa ya apongozi ake. Anali munthu wolimbika ntchito, waulemu pamaso, koma wosachedwa kupsa mtima. Kawiri konse anali atamanga kale katundu wake kuti azipita kwawo, ankhoswe n'kumubweza.

Mmawa wina mayi uja ali m'kati mwa chigawo chake anamva kugogoda. Anaima. Anamvanso. Inali nkhwangwa. Anayenda pang'onopang'ono kulondola phokosolo, napenya pakati pa masamba. Anaona msana wa munthu, naudziwa. Anali mkamwini wake. Mitengo inayi inali itagona kale pansi.

Mukudziwa inu nonse mmene zimakhalira pakati pa mkamwini ndi apongozi ake aakazi. Sayang'anana m'maso. Akakumana panjira wina amapatuka. Mayi uja anapatuka. Ananjuta kuseri kwa mizu, udzudzu ukumuluma, mpaka mkamwini anadutsa atasenza mtolo wa nsichi.

Madzulo ake anaitana mwana wake kuseri kwa nyumba. Esinta anali ndi pakati pa miyezi isanu.

"Amuna ako ndawaona m'matope ndi nkhwangwa," anatero mayiyo motsitsa mawu.

Esinta anayang'ana pansi, kenako anati, "Amayi, mukawanena kumsonkhano apita kwawo, ndipo ulendo uno sabweranso. Ine ndi mimba iyi ndilowera kuti?"

Mayiyo anaganiza za ankhoswe, kuti akadatha kuwatuma. Anaganiza za msonkhano. Koma njira iliyonse inkathera pa mkangano, ndipo iye sanakanganepo ndi munthu. Mumtima anati, "Ndi mitengo inayi yokha. Iphukira."

M'mawa mwake anapita pa zitsa zija. Zinali zoyera mbee, zooneka patali. Anatapa matope ndi manja, napaka chitsa chilichonse mpaka chinada ngati chakale. Nthambi zotsala anazikwirira.

Loweruka litafika, dzina lake litaitanidwa, anaimirira pansi pa bwemba nati, "Kwathu kuli bwino." Anthu anawomba m'manja monga mwa nthawi zonse, iye n'kukhala pansi.

Mkamwini uja anabwereranso sabata yotsatira, ndi inanso. Anali wochenjera. Ankadula zam'kati, kusiya za m'mphepete, kotero munthu woyenda pamtunda ankaona masamba obiriwira okhaokha. Iye akatuluka, apongozi ake ankalowa kukapaka matope. Sanalankhulanepo za nkhaniyi, koma mkamwini anaona zitsa zake zikuda, ndipo anadziwa kuti pali wina amene akumufundika. Anayamba kubwera ndi anzake awiri. Anatsegula njira yotulukira kunyanja kuti bwato lizifika pomwepo kudzanyamula. Mayi uja matope sanathenso kumukwanira. Zitsa zinachuluka kuposa manja ake. Komabe mwezi ndi mwezi ankaimirira n'kunena kuti, "Kwathu kuli bwino."

Chigawo choyandikana ndi chake chinali cha bambo wina wachikulire, a Chikalimba, wosoka maukonde. Odula aja anadumpha chikhomo, nalowa kwa a Chikalimba. Tsiku lina asodzi pobwera kunyanja anaona zitsa zoyera mbali imeneyo, nakanena kumsonkhano. Mwatsoka, a Chikalimba anali atangofolera kumene khitchini yawo ndi mapaso atsopano. Anafotokoza kuti mapasowo anali a bulugama, ochokera kwa mlamu wawo kumtunda, koma anthu anali atakwiya kale ndipo sanapite kukaona. Anati chigawo chawo chilandidwe, ndipo asadzakhalenso pa msonkhano.

A Chikalimba sanakweze mawu. Anatembenukira kwa mayi uja nati, "Mayi, nyumba yanu ili pafupi ndi matope kuposa yanga. Simunamvepo nkhwangwa?"

Anthu onse anamuyang'ana. Esinta anali atakhala kumbuyo, khanda la milungu itatu lili m'manja. Mayiyo anati, "Makutu anga akalamba, bambo. Sindinamve kanthu."

A Chikalimba anatola chipewa chawo nachoka. Asodzi analeka kuwapatsa maukonde oti asoke. Pasanathe mwezi anatseka nyumba yawo, napita kukakhala kwa mlamu wawo.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinaleka kumukomera mayi uja. Ankati akalowa m'matope, pamene kale panali mthunzi, dzuwa linkamuwotcha pamutu. Maenje a nkhanu anauma. Ndipo banja limene ankaliteteza lija linatha ndithu. Mitengo yaikulu itatha, mkamwini ananyamula chikwama chake nati akukafuna ntchito m'tauni. Sanabwerenso, ngakhale uthenga sanatumize.

M'mwezi wa Febuluwale kunabwera namondwe. Kunacha kuli mdima ngati mvula ya tsiku lonse, mphepo ikuzula madenga. Chapakati pa mmawa nyanja inadzuka. Mafunde anafika pa gombe lonse nthawi imodzi. Kumene mitengo inali yothithikana, madzi anakodwa m'mizu, nafika kumtunda atafooka, ongonyowetsa mabwalo. Koma pa chigawo cha mayi uja panali khomo. Timitengo ta m'mphepete tija tinagwa ndi funde loyamba, ndipo nyanja yonse inalowera pamenepo. Inagwetsa nyumba yake ndi ya Esinta. Inadutsa m'minda ya mpunga ya mudzi wonse. Inafika pa chitsime chimene anthu onse ankamwa, n'kuchidzaza ndi mchere ndi zonyansa za m'zimbudzi.

Tsiku limenelo sipanafe munthu, pakuti onse anathawira pa chitunda cha tchalitchi. Imfa inabwera pambuyo. Mpunga unapsa ndi mchere, unafiira ngati wotenthedwa ndi moto. Anthu ankamwa madzi a m'zithaphwi. Ana anayamba kutsegula m'mimba. M'milungu iwiri anaika ana anayi. Wachitatu anali mwana wa Esinta.

Madzi ataphwa, anthu anapita kukaona pamene nyanja inalowera. Mafunde anali atatsuka matope onse. Zitsa zinali mbee, mazanamazana, kuyambira kuseri kwa nyumba ya mayi uja mpaka kunyanja. Panalibe wofunsa funso. Aliyense anaona yekha kuti nkhwangwa inayambira pati.

Loweruka lotsatira anasonkhana, ngakhale bwemba uja anali atathyoka nthambi. Mayi uja sanadikire kuitanidwa. Anaimirira nanena zonse: mmawa woyamba uja, mitengo inayi, matope, bodza la mwezi ndi mwezi, ndi zimene anawachita a Chikalimba. Ankayembekeza kuti amukalipira, mwina kumuthamangitsa, ndipo zikanamupepukira. Koma palibe amene anamukalipira. Mayi wina, amene nayenso anali ataika mwana, anati, "Mukananena ili inayi, tikanangomulanda nkhwangwa."

Mayi wogwira nkhanu uja anayenda ulendo wa masiku awiri kupita kumtunda kukawapeza a Chikalimba. Anawapeza atakhala pakhonde, ataonda, manja alibe chogwira. Anagwada pabwalo nawapepesa. Iwo anamumvetsera mpaka anamaliza, kenako anati, "Ndakukhululukirani, mayi. Koma kumudzi kuja sindibwerera. Ndakalamba, sindingayambenso."

Mabanja ambiri anasamuka chaka chomwecho, pakuti nthaka yolowa mchere simera msanga. Esinta nayenso anapita kwa azakhali ake, ndipo popita sanalankhule zambiri ndi amayi ake. Otsala anayambanso kubzala. Mayi uja anabzala nawo, tsiku ndi tsiku, mpaka msana unapindika. Koma pamalo potseguka mafunde amakhala amphamvu, ndipo mwa mbewu khumi zinkagwira ziwiri. Anamwalira mitengo yake isanafike m'chiuno.

Abale ndi alongo, mayi uyu sanagwirepo nkhwangwa. Sanagulitse nsichi ngakhale imodzi. Akadakhala pakati pathu pano tikadamupatsa mpando wakutsogolo, chifukwa anali wofatsa. Koma chimene iye ankachitcha mtendere chinali mantha. Ankaopa mkangano, ankaopa kutaya dzina lake labwino, ndipo manthawo anawaveka chovala cha chikondi.

Mulungu anapatsa aliyense wa ife chigawo chake. Wina ndi nyumba yake, wina ndi mpingo, wina ndi gombe limene ana athu adzadyerepo, wina ndi phiri limene latsala ndi mitengo yowerengeka. Sanatipatse kuti tikhale eni ake. Anatipatsa kuti tiyang'anire, chifukwa kuseri kwa chigawo chako kuli chitsime cha anthu onse. Tchimo limene ukulibisa lero chifukwa wolichita ndi mbale wako silidzakhala laling'ono. Lidzakula uli chete, lidzagwera wosalakwa, ndipo amene ukumuteteza sudzamupulumutsa.

Chikhululukiro chilipo. Mayi uja anachilandira, ndipo Mulungu sakana wolapa. Koma chikhululukiro sichinadzutse ana anayi aja.

Pali wina pano amene wamva nkhwangwa. Akudziwa kumene ikulira, akudziwa ndi dzanja limene laigwira. Mwina ndi m'nyumba mwake momwe. Usadikire kuti nyanja idzanene m'malo mwako. Pita kwa mbale wakoyo sabata ino, ndi ulemu wonse, ndi misozi ngati ilipo, ukamuuze kuti aleke. Akakana, uitane ena. Mawu amenewo ndi owawa, inde, koma sawawa ngati kukumba manda a mwana.