Mmisiri Amene Anakana Kuchotsa Swichi

Ku Nchalo kunali mmisiri wina wa magetsi, dzina lake Zuze, munthu wosachuluka mawu.

Mwini golosale wina anamuitana kuti amuikire makina oziziritsira m'nyumba. Musaseke, inu amene simunapondeko ku chigwa mwezi wa Okutobala; kumeneko ngakhale nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa! Zuze anaika makinawo. Pa bolodi la magetsi anawonjezerapo kaswichi kachitetezo, kamene kamagwa kokha magetsi akangoyamba kuthawira kumene sayenera kupita.

Patapita chaka, kaswichi kaja kanagwa. Bambo uja anakakweza, kanagwanso. Anakakwezanso, komweko. Ndiye mawa lake kumabwera apongozi ake ochokera ku Dedza, anthu ozolowera chisanu. Bamboyo anamuitanitsa Zuze mtima uli m'mwamba.

"Amisiri, kachinthu kanuka kandichititsa manyazi. Kachotseni, mungolumikiza mawaya. Anzanu amatero."

"Amaterodi, bwana," anayankha Zuze. "Koma ine ayi. Ngati kakugwa, kaona kanthu."

Bamboyo anakalipa, nati aitana wina womva. Zuze anazimitsa magetsi onse, natuluka panja dzuwa likuswa mtengo, nayamba kulondola chingwe pang'onopang'ono ndi zala zake.

Kuseri kwa nyumba, pamene panali bokosi la makinawo lotulutsa mpweya wotentha, anapeza makoswe atatafuna chingwe. Mkuwa wa m'kati mwa chingwecho unali pamtunda, utagunda khola lachitsulo limene mwini nyumba anatchingira bokosilo poopa akuba. Pa khola lomwelo, mayi wa pakhomopo anali atamangirira waya woyanikira zovala, wopita pa mtengo wa nimu. Mayiyo anali chiimire pomwepo, wosavala nsapato, pa dothi lonyowa, akufinya nsalu zoti alendo adzafunde.

Zuze anamuitana bambo uja, namulozera chingwe, khola ndi waya.

"Ndikanamvera inu, bwana, amayiwa akanayanika nsalu imodzi yokha."

Bamboyo anayang'ana mkazi wake, nakhala pansi pafumbi.

Inu ophunzira anga, mawa mukulandira mapepala anu aumisiri. Kunena zoona, ine ndimamuvulira chipewa Zuze ameneyu, ndipo ndikamukumbukira mtima wanga umadzaza. Kulumikiza mawaya awiri n'kosavuta. Ngakhale iwe wogona kumbuyoko ungathe. Chovuta ndi kunena kuti ayi kwa bwana amene thukuta lili kamukamu, akukukalipira pakhomo pake. Kaswichi kakagwa, musakatseke pakamwa. Zimitsani magetsi, muzungulire nyumba. Kawirikawiri munthu amene moyo wake uli m'manja mwanu si amene wakuitananiyo ayi. Ali kuseri, manja ali onyowa, ndipo dzina lanu salidziwa n'komwe.